Mapiri Ndiwo Sakumana

Munthu akakwera phiri la Kongwe m'boma la Dowa tsiku lopanda nkhungu, nayang'ana chakumpoto, amaona mapiri a Ntchisi atandandalika ngati ali pafupi, moti nkuganiza kuti atalaŵira m'mamaŵa angathe kukadya nsima yamasana kumeneko. Makolo athu poona mapiri akuyang'anizana chotere zaka ndi zaka adati mapiri ndiwo sakumana, koma anthu amakumana. Ife tikulemba nkhani ino ndi manyazi pang'ono, pakuti tidakhala zaka zitatu ndi miyezi isanu tikuchita ngati mapiri.

Ku Ntchisi tili ndi bwenzi lathu, mphunzitsi mnzathu, amene dzina lao sititchula pano popeza ndi munthu wosakonda kutchuka. Tidadziŵana m'chaka cha 1994, pamene boma la Pulezidenti Bakili Muluzi lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chaka chimenecho chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa mamiliyoni atatu kapena kuyandikira pamenepo, ndipo boma lidalemba mofulumira achinyamata ambiri kuti akaphunzitse asanapite nkukoleji komwe. Aŵirife tidali m'gulu limenelo. Adatitumiza pasukulu imodzi ya m'mapiri a Dowa, kumene tinkaphunzitsa ana pansi pa mtengo, bolodi titalitsamiritsa ku tsinde. Tinkagona m'nyumba imodzi yofolera ndi udzu, tinkaphika mumphika umodzi, ndipo malipiro akachedwa tinkagaŵana ngakhale mchere wa pa supuni. Patapita zaka, anzathuwo adasamutsidwira kwao ku Ntchisi, ife tidabwerera kwathu kufupi ndi Mvera.

Aŵerengi achikulire akukumbukira njala ya 2002. M'mwezi wa February chaka chimenecho m'nyumba mwathu mudalibe ngakhale gaga, ndipo ana athu aŵiri adali atayamba kutupa mapazi. Madzulo ena tidamva belu la njinga pabwalo. Adali anzathu aja, atapalasa njinga kuchokera ku Ntchisi, thumba la ufa ndi mbatata atamanga pakaliyala. Sitidaŵalembere kalata, ndipo sitidaŵapemphe. Adangoti, "Achimwene, ndinalota muli ndi njala." Adagona usiku umodzi, m'maŵa nabwerera.

Tsono mu January 2021, pamene mliri wa Covid-19 udafika poipa ndipo boma lidaletsa misonkhano ya anthu ambiri, akazi a anzathuwo adatisiya. Ife sitidapite kumaliro. Tidatumiza uthenga wopepesa pa lamya yam'manja, nkunena kuti tidzabwera zinthu zikakhala bwino. Mliri udazilala, misika ndi sukulu zidatsegulidwa, koma ife tidapeza zifukwa zina. Mwezi uno kuli mayeso a ana, mwezi wamaŵa kuli msonkhano wa akulu a mpingo, kenaka mvula, kenaka kukolola, kenaka mafuta a galimoto asoŵa. Chifukwa chenicheni tinkachibisa ngakhale kwa ife eni: manyazi. Chaka chikatha manyaziwo ankakula, ndipo akakula ulendo unkalemera koposa kale. Pomalizira ngakhale lamya tidaleka kuimba, poopa kufunsidwa. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Mu May 2024 tidalandira uthenga wochokera kwa mwana wao wamkazi. Adati bambo ake adapuma ntchito chifukwa matenda a shuga adaŵaononga maso, ndipo adaonjeza mau ochepa amene adatisoŵetsa tulo: "Dzulo amafunsa ngati inu mukali moyo."

Loŵeruka lachiŵiri la mwezi wa June tidanyamuka tambala atangolira kachiŵiri, ife ndi mai a kunyumba kwathu, pa galimoto ya mphwathu, mwana wa mlongo wathu, amene adavomera kutiyendetsa ife titagula mafuta. Tidanyamula tambala woyera, usipa wa ku Salima, ndi mtedza wosenda. Paketi ya shuga imene tidaika m'dengu mwachizoloŵezi maiwo adaitulutsa, natikumbutsa matenda a munthu amene tinkapita kukamuona. Kunja kunkazizira monga kumachitira m'mapiri muno nyengo ya mwera, ndipo m'zigwa mudali mutagona nkhungu yoyera.

Pamene tinkatsika kukaloŵa mumseu waukulu wa Salima ndi Lilongwe, tidasiya kumbuyo phiri la Mvera. Pano mpamene Abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok adamanga msasa wao pa 28 November 1889, m'dziko la Inkosi Chiwere, nayamba ntchito imene pambuyo pake idabala Sinodi ya Nkhoma. Sitikufuna kubwereza mbiri imene ambiri akuidziŵa. Chimene chidatigwira mtima m'maŵa umenewo nchakuti anthu a masiku amenewo, aphunzitsi, alaliki ndi onyamula makalata, ankayenda pansi m'mapiri omweŵa, kugona m'njira, kuti akangoonana ndi anzao a pa siteshoni ina. Ife tili ndi phula, galimoto ndi lamya m'thumba, koma tidalephera ulendo wosakwana maola atatu.

Pa Chezi, amai ogulitsa tomato, anyezi ndi mbatata adali atayamba kale kuyala malonda ao m'mbali mwa mseu, atafunda zitenje mpaka kumutu. Apa tidapatuka kuloŵera kumpoto, nkuyamba kukwera zitunda zopita ku boma la Dowa. Mseu umenewu umakhotakhota, ndipo ukafika pamtunda umatha kuona dziko lonse litayalika pansi. Minda idali itakololedwa, mapesi ali mbwee, ng'ombe zikudya momasuka. Zigafa zambiri zidali zopanda kanthu, pakuti fodya adali atapita kale ku msika wa ku Kanengo. Apa ndi apo tinkakumana ndi ngolo zodzaza chimanga ndi soya, anyamata oyendetsa atakhala pamwamba, manja ali m'khwapa chifukwa cha mphepo.

Boma la Dowa ndi lalikulu, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu oposa 770,000, koma likulu lake ndi kamzinda kofatsa kokhala pamsana pa chitunda, kokhala ndi maofesi akale, chipatala, msika ndi mitengo yaitali. Kuchokera pamenepo phiri la Kongwe limaoneka bwino. M'munsi mwake ndimo Abusa Robert Blake adatsegula siteshoni mu 1894, m'dziko la Mfumu Msakambewa, ndipo sukulu yasekondale ya anyamata imene ili pamenepo imatchedwa dzina lao mpaka lero. Mphwathu adafuna kuti tiime timwe tiyi, koma tidakana. Tinkaopa kuti tikakhala pansi tipeza chifukwa china chobwerera.

Titayenda pang'ono kuchoka paboma tidafika pa Dzaleka. M'nthaŵi ya ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda pamalo ameneŵa padali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa zandale, ndipo dzinalo limakumbutsa mau a munthu wolangidwa wolonjeza kuti adzaleka. Mu 1994 malowo adasanduka msasa wa anthu othaŵa nkhondo. Adakonzedwa kuti asunge anthu 10,000 kapena 12,000, koma pofika nthaŵi ya ulendo wathu mudali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Tinyumba ta zidina tathithikana chitunda chonse, ndipo pamsika umamva Chiswahili, Chifalansa ndi Chicheŵa zikusakanizana. Mai a kunyumba adayang'ana kaye, kenaka adati, "Aŵa abale ao ali kutali, ndipo pakati pali nkhondo ndi malire. Nanga ife chatitsekereza nchiyani?" Sitidayankhe.

Pafupi ndi Dzaleka pali mphambano. Mseu wachidule wopita ku Ntchisi, wotchedwa M7, umapatuka pamenepo nkudzera m'mapiri. Mphwathu adati mbali yaikulu ya mseuwo idali yafumbi ndi mabampu, ndipo pofuna kusunga galimoto yake adasankha njira yozungulira yaphula. Choncho tidatsikira kumadzulo mpaka kukakumana ndi mseu waukulu wa M1, tidakhotera kumpoto, tidapyola pa Mtengowanthenga, nkufika pa Mponela.

Mponela ndi malo amalonda amene adakula kupambana likulu la boma lake lomwe, chifukwa ali pamseu waukulu. Pali mabanki, malo ogona alendo, masitolo a feteleza ndi mbeu, mavenda ogula soya ndi mtedza atapachika masikelo ao, ndi anyamata a kabaza ochuluka ngati njuchi. Apa mphwathu adaima kuthira mafuta, ndipo apa mpamene mtima wathu udafooka. Njira yonse tidali tikukonza mau okanena, koma onse ankaoneka opepuka. Tikati mliri, mliri udatha kale. Tikati ntchito, iwonso adali mphunzitsi, ndipo mu 2002 adasiya kalasi nakwera njinga. Tidafunsa maiwo kuti tikanena chiyani. Adati, "Inu mukangoti odi. Zinazo akanena ndi eni nyumba."

Kuchoka pa Mponela mseu waphula umaloŵera kumpoto chakuvuma, kudutsa m'madambo ndi m'minda ya fodya, kenaka umayamba kukwera. Dothi limafiira, mphepo imazizira, ndipo mapiri amene tinkaŵaonera patali amayandikira mpaka munthu kuzindikira mitengo yake. Ntchisi ndi boma laling'ono poyerekeza ndi Dowa; kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 317,000, ndipo paboma penipeni sadafike 10,000. Kale malowo ankatchedwa Visanza, ndipo okalamba ena amatchulabe dzinalo. Ndi kamzinda koti munthu nkukayendera konse pansi asanatope: ofesi ya bwana DC, polisi, positi ofesi, chipatala, msika, sukulu, ndi matchalitchi. Ndi malo oti mlendo sabisika. Titangofunsa mai wina wogulitsa mandasi, adatilozera nati, "Aphunzitsi aja osaona bwino? Tsikani apo, nyumba ya mtengo wa mapeyala."

Tidaŵapeza atakhala pakhonde pampando wandalema, akuothera dzuŵa, wailesi ili pambali. Adali ataonda, ndipo tsitsi lonse lidali litayera. Tidaima pamphepete pa bwalo, tidaomba m'manja, nkunena ndi mau onjenjemera kuti, "Odi kuno!"

Adatseka wailesi, nakhala chete kanthaŵi. Kenaka adati, "Mau amenewo ndi a ku Mvera. Loŵani, achimwene. Alamu mwabwera nawo?"

Mwana wao adatiyalira mphasa natipatsa mipando, ndipo tidalonjerana monga mwa mwambo, mmodzimmodzi, kufunsana za kumudzi, za ana, za zokolola. Moni utatha tidatsika pampando, tidakhala pamphasa pafupi ndi mapazi ao, nkupepesa maliro a zaka zitatu zapitazo ngati achitika dzulo. Mau onse amene tidakonza m'njira adathaŵa. Tidangoti, "Achimwene, tidalakwa. Tilibe chonena."

Yankho lao tikulilemba monga momwe tikulikumbukira, pakuti ndilo latichititsa kulemba nkhani ino. Adati: "Tsiku loika maliro sindidakudandauleni. Lamulo lidalipo, ndipo ngakhale abale ena sadabwere. Komanso tsiku limenelo munthu suona nkhope, umangoona chigulu. Koma dziŵani kuti maliro enieni amayamba anthu akabalalika. Mwezi wachitatu, pamene aliyense adabwerera ku ntchito zake, ndipo ndidayamba kumvetsera kumseu. Galimoto ikaima ndinkati ndi inu. Chaka chitatha ndidakwiya. Chaka chachiŵiri ndidati kapena ndidaŵalakwira. Chaka chino ndidangoti kapena adamwalira ndipo anthu akundibisira." Adaseka pang'ono, nafufuza dzanja lathu mpaka adaligwira. "Mwachedwa, koma mwandipeza. Mukadapeza manda, bwenzi mukupepesa kwa yani?"

Tidalira, aŵerengi okondedwa, ndipo sitichita manyazi kunena. Tambala uja adaphedwa nthaŵi yomweyo, ndipo tidadya nsima m'mbale imodzi monga masiku a pansi pa mtengo paja.

Titasamba m'manja adati ali ndi pempho. Kuyambira pamene maso adayamba kuvuta sadapitenso ku nkhalango ya phiri la Ntchisi, kumene chaka ndi chaka ankapita ndi ana a Sitandade 8 kukaŵaphunzitsa za mitengo ndi mitsinje. Adafuna kukafikako pamene maso akadatha kusiyanitsa kuŵala ndi mdima. Mphwathu, amene m'maŵa adakana fumbi, sadaŵiringule konse. Tidaŵakweza kutsogolo, nkuyamba ulendo wa ngati ola limodzi pamseu wafumbi wopita kuvuma, kudzera dera la Chinthembwe, kumene kuli siteshoni ina yakale ya Sinodi yathu.

Phiri la Ntchisi lili ndi nkhalango ya mtundu umene watsala m'malo oŵerengeka m'Malaŵi. M'munsi muli mitengo ya mombo ndi masuku imene timaidziŵa tonse, mmene anthu amazula boŵa ndi kutola matondo pa nyengo yake. Koma pamwamba pali nkhalango yosayoyola masamba chaka chonse, ya mitengo ikuluikulu yolukana ndi zilambe, mmene dzuŵa limaloŵa movutika ndipo pansi pamakhala chinyezi ngakhale m'chilimwe. Muli anchima, anyani, nguluŵe ndi mbalame zamitundumitundu. Mbiri imati m'zaka za m'ma 1800 Acheŵa a dera lino ankathaŵira m'nkhalangoyi pobisala nkhondo za Angoni, ndipo chifukwa idaŵasunga, iwonso adaisunga. Boma la atsamunda lidaiika m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924. M'mphepete mwake muli nyumba imene idamangidwa mu 1914 kuti bwana DC azikhalamo, ndipo pambuyo pake idasanduka malo ogona alendo.

Sitidaloŵe kutali. Tidaŵagwira dzanja mpaka pansi pa mkuyu waukulu, ndipo iwo adasisita khungwa lake, nanunkhiza mpweya, natiuza kuti titseke pakamwa timve madzi. Zoonadi pansi pa miyala pankamveka kamtsinje. Adati, "Madzi ameneŵa akupita kunyanja. Ndinkauza ana kuti wodula mtengo pano akuumitsa mpunga wa munthu wa ku Nkhotakota amene sadzamuona nkomwe." Pobwera tidali titaona zitsa zambiri m'munsi mwa phiri ndi matumba a makala m'mbali mwa mseu. Titaŵauza, adangogwedeza mutu nati adazimva kale ndi makutu, pakuti nkhwangwa siibisala.

Kenaka tidatuluka pamalo poyera poyang'ana kuvuma. Kunja kudali kutayera, ndipo kutali pansi nyanja ya Malaŵi inkanyezimira, kuseri kwake mapiri a ku Mozambique akuoneka ngati utsi. Anzathu adatong'ola maso nthaŵi yaitali, kenaka adati akungoona kuyera kokhakokha. "Tandiuzani, achimwene, mukuona chiyani?" Tidayamba kufotokoza, koma tidasokoneza malo, ndipo iwo adatidula monga mphunzitsi adulira mwana wosakonzekera. Adatambasula dzanja naloza molunjika: uko chakumanzere ndi ku Nkhotakota, apo pakati ndi nyanja, uko chakumanja ndiko kwanu. Dziko lonse lidali m'mutu mwao. Chimene ankasoŵa ndi munthu woima naye pamenepo.

Tidagona kwao usiku umenewo, tikucheza mpaka nkhuni zidatha. M'maŵa mwake tidapita nawo ku mapemphero, ndipo titaŵeruka tidatsazika. Adatipatsa thumba la mbatata ya kacheŵere. Tidayesa kukana, koma adati mlendo sabwerera chimanjamanja, ndipo adaonjeza moseka kuti ulendo uno sitiŵavutitsa kupalasa njinga.

Mau amenewo adatipatsa maganizo. Tidapempha mphwathu kuti pobwerera tidzere mseu wachidule uja wa m'mapiri, wotulukira pa Dzaleka, ndipo adavomera. Tidafuna kuona njira imene anzathu adadzera mu 2002. Tidaŵerenga zitunda mpaka tidasokonezeka. Pena galimoto inkalira ngati ikana, pena tinkatsika m'zigwa zoti nthaŵi ya dzinja matope ake amafika m'maondo. Ndipo February ndi mwezi wa mvula. Munthu uja adakankha njinga yolemera m'zitunda zonsezo, iye mwini ali ndi njala, popanda womuitana. M'galimoto mudali zii mpaka tidafika paphula.

Sitikulemba izi kuti tidzudzule lamya, pakuti ndi lamya yomweyo imene idatibweretsera uthenga wa mwana uja. Koma uthenga sugwira dzanja, ndipo sudya nawe m'mbale. Taonanso kuti ulendo wautali, wa ku Blantyre kapena ku Johannesburg, munthu amaukonzekera ndipo amaupita, pamene waufupi amauika pa maŵa chifukwa akuti mpafupi. Mwina inunso muli ndi mnzanu kuseri kwa phiri limene mumaliona tsiku ndi tsiku, amene mudalephera kukamupepesa, ndipo tsopano manyazi akukumangani miyendo. Ife taona kuti manyaziwo amalemera pamene uli panjira, koma amatha ukangoti odi.

Tidapangana ndi anzathuwo kuti Loŵeruka loyamba la tchuthi chilichonse cha sukulu tizikaonekera ku Ntchisi, ndipo mpaka lero sitidaphonye. Galimoto ya mphwathu ikasoŵa timakwera minibasi mpaka pa Mponela nkusintha. Maso ao tsopano adatsekeratu, koma mwana wao akuti tsikulo likafika amadzuka m'mamaŵa, navala jekete, nakhala pakhonde wailesi atatseka, kuti amve bwino kumseu.